Achimwene, achemwali kapena mlongo? Funso lochokera pa Raksha Bandhan

Mayi wina yemwe amagwira ntchito mushopu ya Ahindu ku Limbe wafunsa chonchi: "Mabwana anga mwezi wa Ogasiti amakhala ndi tsiku lotchedwa Raksha Bandhan, ndimafuna ndilembe pa Facebook kuwafunira zabwino m'Chichewa. Ndinalemba kuti ndi tsiku lomwe achemwali amamanga achimwene awo, anzanga akuti sizikumveka. Ndilembe bwanji?"

Mayi, anzanuwo akunena zoona ndithu, koma tiyambe kaye ndi zomwe zimachitika patsikuli chifukwa mawu abwino amabwera ukaona chinthucho. Raksha Bandhan imachitika tsiku lomwe mwezi wakhala wathunthu m'mwezi womwe pakalendala ya Chihindu umatchedwa Shravana, nde poti amawerenga potsata mwezi wakumwamba deti yake imasinthasintha, mu 2024 inali pa 19 Ogasiti, mu 2025 pa 9 Ogasiti, mu 2026 ndi pa 28 Ogasiti. Imatchuka kwambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa India komanso ku Nepal. Mkazi amabwera ndi mbale momwe muli kanyale koyaka, mpunga pang'ono, utoto wofiira, maswiti ndi kachingwe kokongoletsedwa kotchedwa rakhi. Amamupaka mwamuna wobadwa naye uja kadontho kofiira pachipumi, kuzunguza kanyale kaja kumaso kwake uku akumupempherera, kenako kumumanga kachingweko pamkono wamanja nkumudyetsa switi. Mwamunayo amapereka mphatso kapena ndalama, nkulonjeza kuti azimusamala moyo wake onse. M'chiyankhulo cha Sanskrit raksha ndi chitetezo, bandhan ndi kumanga.

Vuto loyamba m'chiganizo chanu ndi mneni. Mukati "amamanga achimwene awo" basi osatchula chomangidwacho, Mchewa aliyense amva zoti munthu wamangidwa manja ndi miyendo kapena wapita naye kupolisi. Mneni ameneyu amafuna mutchule chinthucho ndi malo ake: "amawamanga kachingwe pamkono." Mukhozanso kunena kuti "amawaveka kachingwe", monga timavekera mphete kapena nkhata yamaluwa, ndipo ine kuveka ndimakukonda kwambiri apa chifukwa muli ulemu. Musati chithumwa chonde, ngakhale mkuzi ayi, amenewo ali ndi nkhani zawo za kwathu kuno zomwe sizikugwirizana ndi mwambo wa eni akewo. Chibangili nachonso ayi poti rakhi ndi ya ulusi, amachita kumanga mfundo.

Tsopano pa achimwene ndi achemwali. Mawuwa si olakwika, tinabwereka ku Chiyao kalekale ndipo anakhazikika, aliyense amawamva kuyambira ku Nsanje mpaka ku Lilongwe. Koma taonani, mwamuna amatha kuitana mwamuna mnzake kuti achimwene, mkazinso amati achemwali kwa mkazi mnzake, ndiye mawuwa sakutiuza kuti ubale omwe ukukondwereredwa ndi wa mwamuna ndi mkazi obadwa pamodzi. Chichewa chili ndi liwu lake lenileni la ubale umenewu, mlongo. Ndimamva chisoni kuti achinyamata ambiri masiku ano akuganiza kuti mlongo ndi wamkazi yekha, pomwe liwuli limayenda mbali ziwiri: mwamuna akati mlongo wanga akunena wamkazi, mkazi akati mlongo wanga akunena wamwamuna. Opita kutchalitchi akumbuke kuti m'Baibulo lachichewa Lazaro amatchedwa mlongo wa Marita ndi Mariya, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi aja timati mkulu wanga, mng'ono wanga kapena mphwanga, pongotengera amene anayamba kubadwa. Nchifukwa chake ngakhale "abale ndi alongo" womwe timaumva paguwa uja unayambira pakamwa pa mwamuna, abale ndi amuna anzake, alongo ndi akaziwo, mkazi atati aunene mwa iye yekha tanthauzo limatembenuka.

Ndiye Raksha Bandhan m'Chichewa ndi chikondwerero cha munthu ndi mlongo wake, basi, mawu ochepa koma zonse zalowamo. Positi yanu itha kukhala chonchi: "Ndikufunira zabwino zonse abwana anga ndi Ahindu onse pa Raksha Bandhan, tsiku lomwe akazi amaveka alongo awo kachingwe ka rakhi pamkono, alongowo nkulonjeza kuwasamala." Onani kuti ndalemba Ahindu osati Amwenye, chifukwa mwa anthu ochokera ku India omwe ali kuno ambiri ndi Asilamu, ena ndi Akhristu, mwambowu ndi wa Chihindu.

Bambo wina yemwe amakhala ku Leicester ku England, komwe Ahindu ndi ochuluka zedi, wafunsa zoyandikana nazo, akuti kodi sangangofotokozera ana ake kuti ili ndi tsiku la mbumba?

Ndikumvetsa komwe maganizowa akuchokera bambo, chifukwa kwa Achewa mwamuna ndi mwini mbumba, alongo ake ndi ana awo amayang'ana kwa iye, ndi iye nkhoswe paukwati, ndi iye malume kapena atsibweni pakagwa mlandu kaya maliro. Udindo osamala mlongowo ukufananadi. Koma mbumba ndi liwu lalikulu, limatenga alongo, ana awo ndi zidzukulu, ndipo limachokera m'chikhalidwe chotsata kuchikazi momwe mwamuna amapita chikamwini kusiya alongo ake pamudzi. Kumidzi ya kumpoto kwa India zinthu ndi zotembenuza, mkazi ndi amene amachoka kukakhala kwa mwamuna wake mwina kutali ndithu, nde tsikuli limakhala mpata oti abwerere kwao kukaonana ndi alongo ake, amene ali kutali kwambiri amatumiza rakhi papositi. Ana anuwo auzeni kuti ndi tsiku la munthu ndi mlongo wake, za mbumbazo muwafotokozere pazokha ngati zakwathu. Muwauzenso kuti mkazi amatha kuveka rakhi msuweni kapena mnzake wamwamuna yemwe si wa magazi amodzi, kuyambira pamenepo amatengana ngati alongo. Palinso tsiku lina la alongo lotchedwa Bhai Dooj lomwe limabwera patangopita masiku awiri Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, itachitika, limenelo chachikulu ndi kadontho kapachipumi kaja.

Pa kalembedwe, dzina la mwambowu lisiyeni momwe eni ake amalembera, Raksha Bandhan, musalisandutse Lakisha Bandani. Liwu loti rakhi likavuta kugwirizanitsa, poti ena ati rakhi yake ena rakhi wake, ingoyambani ndi kachingwe: kachingwe ka rakhi kofiira, tizingwe ta rakhi tiwiri.