Mphoto za pa msonkhano wa developmental biology: kodi wophunzira angapikisane nawo pa ziti?

Funso: Ndili m'chaka chomaliza cha digiri ya biology. Ndawerenga za anthu olandira mamendulo pa msonkhano wapachaka wa Society for Developmental Biology ku America. Kodi ndingalembere bwanji kuti nanenso ndipikisane nawo? Makolo anga akufunanso kudziwa ngati maphunzirowa ali ndi tsogolo.

Yankho: Mamendulo mwawerengawo salembera ayi, ndipo si a ophunzira. Bungwe la Society for Developmental Biology (SDB), la akatswiri ofufuza mmene zamoyo zimakulira kuchokera ku dzira, lomwe linayamba mu 1939, limawapereka kwa akatswiri omwe anzawo awasankha okha. Edwin G. Conklin Medal imapita kwa amene wachita kafukufuku wozama kwa zaka zambiri n'kulera ophunzira ochuluka. Viktor Hamburger Outstanding Educator Prize ndi ya aphunzitsi, pomwe Elizabeth D. Hay New Investigator Award ndi ya amene wangoyamba kumene kuyendetsa labotale yakeyake. Ku Britain nako bungwe la British Society for Developmental Biology (BSDB) lili ndi Waddington Medal ya akuluakulu ndi Beddington Medal ya PhD yopambana. Yachiwiriyi ndi imene mungaiyang'anire m'tsogolo muno.

Yanu panopa ndi mphoto ya poster, chipepala chachikulu chosonyeza kafukufuku wanu chomwe chimapachikidwa pa msonkhano, pamodzi ndi thandizo la ndalama za ulendo. Musazione ngati zazing'ono. Oweruza maposter amakhala eni malabotale, omwenso ndi amene amafunafuna ophunzira a Masters ndi PhD. Mphindi zisanu zomwe mmodzi wa iwo angaime pa poster yanu zingakutsegulireni khomo lomwe makalata ambiri a pa imelo akanalephera.

Dongosolo lake ndi ili. Mumayamba mwalembetsa umembala wa ophunzira. Kenako mumatumiza abstract, chidule cha kafukufuku wanu cha ndime imodzi, ndipo pa fomu yomweyo mumachonga kuti mukufuna kulowa mpikisano. Ambiri amaphonya pamenepa: amatumiza chidule koma osachonga, n'kukazindikira ali kale m'holo. Msonkhanowu kawirikawiri umachitika mu July, koma zidule zimatsekedwa miyezi ingapo m'mbuyo, choncho zotsatira zanu zikhale zitapsa chaka chikamayamba.

Tsono nkhani yaikulu ndi kafukufuku weniweniyo. Sayansi imeneyi imafufuza mmene dzira limodzi limasandukira thupi lokhala ndi mutu, mtima ndi miyendo, ndipo sikuti nthawi zonse imalira zipangizo zodula. Dzira la nkhuku yokwereredwa ndi tambala, mukaliika m'makina ofungatira mazira pa 38°C, limaswa pa masiku 21. Pofika maola 33 mpaka 38 mluza umakhala ndi ma somite 10 mbali iliyonse, timagulu ta maselo totsatana m'mbali mwa msana, ndipo mtima umakhala ukuyamba kugunda. Mumaboola kawindo pa chikhokhombe, kuyang'ana pa maikulosikopu, n'kutsekanso ndi tepi kuti mluza usaume. Mu 1951 Viktor Hamburger, yemwe uja wa mphoto ya aphunzitsi, ndi Howard Hamilton anagawa kakulidwe konseka m'masiteji 46. Oweruza adzakufunsani siteji, osati maola okha, chifukwa mazira awiri oikidwa nthawi imodzi sakula mofanana, makamaka ngati magetsi anathima kapena mazirawo anakhalitsa asanafungatiridwe.

Mulinso ndi mwayi womwe anzanu akunja alibe. Nsomba za mbuna za m'nyanja ya Malawi zimafufuzidwa m'malabotale a ku America ndi ku Ulaya pofuna kumvetsa mmene chibwano ndi mano zimaumbikira, ndipo jini ya bmp4 inapezeka kuti imakhudza kaumbidwe ka chibwano chake. Chule wa Xenopus laevis, yemwe John Gurdon anagwiritsa ntchito mu 1962 pa kafukufuku amene anamubweretsera Nobel mu 2012, kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa. Chidule chonena za nsomba zotengedwa m'nyanja momwemo chimakopa maso. Ingoonetsetsani kuti muli ndi chilolezo chogwirira nsombazo komanso cha komiti yoona za kafukufuku wa nyama.

Poster yokha imagwa pa zinthu zodziwika. Mawu amachuluka, zithunzi n'kuchepa. Mutu unene zomwe mwapeza ndipo uwerengeke munthu ataima patali mamita awiri. Chithunzi chilichonse chikhale ndi scale bar (kamzere kosonyeza kukula kwenikweni kwa chinthucho), siteji ya mluza ndi nambala ya miluza yomwe munaona. Miluza itatu siyokwanira kutsimikizira kanthu, ndipo popanda gulu la control, la miluza yomwe simunaisinthe kanthu yoti muyerekezere nayo, oweruza amangodutsa. Musanasindikize onani muyezo wa bolodi womwe okonza msonkhano apereka, popeza A0, ya masentimita 84.1 ndi 118.9, sikwana pa bolodi lililonse. Konzani kufotokoza zonse m'mphindi zitatu, ndipo funso likakukanikani vomerani kuti mbali imeneyo simunaiyese. Oweruza amagwira msanga munthu wongopeka.

Pa ndalama, thandizo la ulendo nthawi zambiri limabwezedwa msonkhano utatha, ndiye sungani malisiti ndipo konzani za tikiti pasadakhale. Bungwe la ku Britain la The Company of Biologists limathandizanso ophunzira a Masters ndi PhD pa maulendo a kafukufuku. Visa ya ku America yavuta: mu August 2025 boma la dzikolo linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa a Malawi ndi a Zambia ofuna visa yoyendera. Funsani ku ofesi ya kazembe musanalipire kalikonse, ndipo ganiziraninso za msonkhano wa BSDB.

Makolo auzeni mosabisa kuti digiri yoyamba yokha sikwanira pa ntchito imeneyi. Pamafunika Masters kapena PhD, kawirikawiri kunja. Omaliza amaphunzitsa kuyunivesite, amafufuza za ana obadwa ndi zilema monga mlomo wong'ambika, ena amagwira ntchito m'zipatala zothandiza osabereka kapena pa ulimi wa nsomba ndi nkhuku.