Nsalu ya gulu muyambe mwaisiya kaye

Mayi wina wa ku Area 23 ku Lilongwe wandilembera kufunsa kuti gulu lawo la amayi a kutchalitchi lingagwirizane bwanji ndi a ku Kamuzu Barracks pothandiza mabanja a asilikali. Akuti dzina la bungwe analipeza kale, pano akukambirana za mtundu wa nsalu.

Mayi, funso lanu landikanda pachilonda.

Alamu anga anapita ku DRC m'gulu la asilikali a United Nations lotchedwa Force Intervention Brigade, limene linayamba mu 2013 pamodzi ndi asilikali a ku Tanzania ndi South Africa. Achemwali anga anatsala palendi ku Chikanda, ku Zomba, kunja kwa Cobbe Barracks. Malipiro ankalowa bwinobwino, njala kunalibe. Chowawa chinali anthu. Zitangomveka kuti "bambo ali ku Congo", achibale a mbali zonse anayamba kuguba: uyu fizi, uyu feteleza, uyu malata. Alandilodi anakweza lendi. Achemwali akatchena popita kumsika, pamjigo pankamveka zoti apeza wina. Akadzikhalira m'nyumba, ati ndi odzimva.

Mu Novembala 2018 kunamveka kuti asilikali athu 6 aphedwa kufupi ndi Beni. Mayina anali asanatuluke, foni ya alamu osapezeka. Amene anabwera kudzagona nawo pamkeka usiku umenewo ndi mayi wogulitsa makala wa nyumba yoyandikana. Sanalalike, sanafunse mafunso. M'mawa anaphikira ana phala, nawaperekeza kusukulu. Alamu anali moyo, koma mabanja ena sanamve zabwino. Mmodzi mwa omwalirawo ndi Chancy Chitete, amene United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya kulimba mtima yotchedwa Mbaye Diagne mu 2019 chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania atavulala.

Mamendulo ndi miyambo ndiye timazitha ife. Novembala aliyense nkhata zamaluwa mbwee pachipilala cha ku Zomba, bandi ikulira, mawa lake zii. Asilikali akufukula matope ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 tinawaombera m'manja, koma za ana awo amene anatsala kunyumba tinafunsa angati? Asilikali athu ena atatu anafa kufupi ndi Goma, ku DRC komweko, mu Januwale 2025. Ndipo ndinene mosapsatira: mayi wamasiye wa msilikali mdani wake woyamba amakhala wachibale amene wamva fungo la ndalama za imfa. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, koma kusiwa amalitchula ndani? Bungwe lanu likapanda kulimba mtima pamenepa, lingokhala la zovina basi.

Tsono muchite chiyani?

Kubaraki salowa ngati pamsika. Dzerani kwa abusa kapena ansembe akumeneko, akulozerani khomo loyenera, ndipo mukapeza kuti amayi am'katimo ali kale ndi magulu awo. Inu yang'anani amene akuchita lendi m'dera lanu, ndiwo amasowa pogwira. Alowetseni m'banki m'khonde yanu ngati membala wina aliyense. Kambiranani ndi ahedi kuti mwana wosamuka pakati pa temu kuchokera kubaraki ya ku Moyale kapena ku Chilumba asamavutike malo. Za kumene kuli amuna awo musafunse, ndipo musalembe pa WhatsApp.