Mwana wapeza malo pa sukulu ziwiri, koma bambo ake akukana kuti tikazione

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndakhala m'banja zaka 16. Mwana wathu woyamba, mtsikana wa zaka 13, wakhoza mayeso olowera pa sukulu ziwiri za sekondale zogonera komweko, ndipo zonse ziwiri zatilembera kuti malo ake alipo, koma tiyankhe pasanathe masabata atatu. Nkhani imene imayenera kutisangalatsa yachititsa kuti ine ndi bambo ake tisamalankhulane bwino.

Iwo akufuna kuti mwanayu apite pa sukulu imene anaphunzirapo iwowo ali mnyamata, ndipo akuti palibe chimene sakuchidziwa pa sukulu imeneyo, choncho kupita kukaiona n'kungotaya nthawi ndi ndalama za ulendo. Nditapempha kuti tikaone sukulu zonse ziwiri tisanayankhe, anandiuza kuti ndikunyoza sukulu imene inawaumba, komanso kuti ndikumusasatitsa mwanayo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwanayu ali ndi mphumu, ndi wofatsa kwambiri, ndipo sanagonepo kutali ndi ife kupitirira masiku awiri. Ndikamufunsa kumene akufuna, akungoyankha kuti, "Kulikonse kumene mungasankhe, amayi." Ndakhala ndikuganiza zomutenga mwakachetechete bambo ake ali ku ntchito kuti tikaone sukulu inayo tili awiri. Kodi ndikulakwa?

Mayi wothedwa nzeru

Mayi,

Simukulakwa kufuna kuona ndi maso anu malo amene mwana wanu azikagona, azikadya ndiponso azikadwalira kwa miyezi yambiri ya chaka chilichonse, inu ndi bambo ake muli kutali. Koma maganizo opita mobisa aja ndikukupemphani kuti muwasiye. Mukatero mudzamusenzetsa mwanayo chinsinsi chobisira bambo ake, ndipo tsiku limene zidzaululike, nkhani ya sukulu idzaiwalika, idzatsala yakuti munawachitira zinthu kumbali. Choopsa china n'chakuti sukulu ikasankhidwa kholo limodzi likumva kuti lagonjetsedwa, mwana akadzaimba foni akulira m'teremu yoyamba, monga amachitira ana ambiri ngakhale pa sukulu zabwino, mawu amene adzamveke m'nyumba mwanu ndi akuti "ndinanena ine." Mwana amene akudziwa kuti misozi yake iyambanitsa makolo ake amaphunzira kubisa mavuto, ndipo mtsikana wofatsa amene ali ndi mphumu sayenera kuphunzira zimenezo.

Ndiyambe ndi amuna anu, chifukwa sindikuona kuti akukana chifukwa chosamukonda mwanayo. Munthu amene sukulu inamutsegulira njira ya moyo amaikonda ngati kwawo, ndipo akamva wina akufunsa ngati ili yoyenera, amamva ngati akufunsidwa ngati iyeyo analeredwa bwino. Kufuna kuti mwana wake wamkazi akayende m'makonde amene iye anayendamo ndi mphatso imene akuganiza kuti akumupatsa. Chimene sakuchiona n'chakuti sukulu imene akuidziwa ndi ya zaka zoposa 20 zapitazo. Mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo mwina anapuma kale pa ntchito, aphunzitsi amene ankawakonda anasamuka, chiwerengero cha ana chingakhale kuti chinakwera pamene zipinda zogona zili zomwe zija, ndipo khalidwe la sukulu yogonera komweko limatsatira kwambiri anthu amene akuiyendetsa lero. Ikhoza kukhala kuti inapita patsogolo kuposa mmene anaisiyira, ikhozanso kukhala kuti inalowa pansi. Ndiponso iwo ankagona kumbali ya anyamata, choncho za kumene kumagona atsikana sakuzidziwa.

Mukamalankhula nawo, musayambe ndi zokayikira zanu. Apempheni kuti akakuonetseni sukulu yawo, inu ndi mwanayo, akuuzeni kalasi imene ankaphunziramo ndi bwalo limene ankasewerapo, ndipo kenaka muwauze mosabisa kuti mukufuna kuti mukaonenso inayo muli onse atatu, kuti mwanayo akadzafunsa chifukwa chimene munasankhira iyi, nonse mudzakhale ndi yankho limodzi. Sindikukuphunzitsani njira yowanyengerera. Inunso muyenera kupita muli okonzeka kuvomereza kuti sukulu yawoyo ndi imene ili yabwino, ngati maso anu akakuuzeni choncho. Kalata yanu ikundipatsa chithunzi chakuti mtima wanu wayamba kale kupendekera ku sukulu inayo, imene simunaionenso, ndipo ngati zili choncho, amuna anu azindikira, n'chifukwa chake akuuma khosi.

Yankho la mwana wanu lakuti "kulikonse" musalitenge ngati chilolezo. Ndi yankho la mwana amene akuona kuti akatchula sukulu imodzi akhala ngati wasankha kholo limodzi. Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1989, limanena m'ndime 12 kuti mwana amene angathe kukhala ndi maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena pa nkhani zonse zomukhudza, ndipo maganizowo aziganiziridwa molingana ndi msinkhu ndi kukhwima kwake. Izi sizikutanthauza kuti mumutulire mtolo wonse wosankha, chifukwa udindo umenewo ndi wanu makolo. Koma mwana sangakhale ndi maganizo pa malo amene sanawaone, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ulendowu suyenera kuchitika iye atatsala kunyumba.

Kumbukiraninso kuti zinthu zatembenuka tsopano. Pa nthawi ya mayeso, sukulu ndi imene inkayesa mwana wanu, koma popeza malo aperekedwa, inu ndi amene mukuyesa sukuluyo, ndipo mungafunse funso lililonse mwaulemu popanda kuopa kuti mwana ataya mwayi. Ngati n'kotheka, pemphani kupita pa tsiku wamba la maphunziro. Tsiku limene sukulu yakonzera alendo lili ndi ubwino wake, chifukwa aphunzitsi amakhala ndi nthawi yoyankha mafunso, koma pa tsikulo paliponse pamakhala posesa, ndipo ana amene amayenda ndi alendo amakhala osankhidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, choncho musakhutire ndi maluwa a pa chipata ndi ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Malo amene ndikufuna kuti mukakhalitse ndi chipinda chenicheni chimene ana ongofika kumene amagonamo. Muwerenge zitseko, muone ngati zimatsegukira kunja, ndipo mufunse kuti usiku zimakhomedwa bwanji, kiyi amasunga ndani, ndipo munthu ameneyo amagona kuti. Muyang'ane ngati mawindo onse ali ndi zitsulo zosatseguka, ngati pakati pa mabedi pali njira yoti ana angadutsepo mothamanga mu mdima, komanso ngati pali zozimitsira moto. Funsani ana enieniwo ngati anayesererapo kutuluka mofulumira ngati kuti kwabuka moto. Ena angaone ngati ndikukokomeza, koma m'chaka cha 2001 anyamata 67 anafa ndi moto m'chipinda chogona pa sukulu ya Kyanguli ku Kenya, kumene khomo lina linali lokhoma ndipo mawindo anali otchingidwa ndi zitsulo, ndipo m'chaka cha 2023 ana 20, pafupifupi onse atsikana, anafa mofananamo ku Mahdia m'dziko la Guyana, zitseko zili zokhoma. Kukhoma ana n'cholinga chowateteza n'kofala, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse wodziwa mmene ana amenewo angatulukire.

Mukachoka pamenepo, lowani m'zimbudzi ndi m'mabafa, mutsegule mpopi kuti muone ngati madzi akutuluka, ndipo muyese mtunda umene mtsikana angayende usiku kuchokera pa bedi lake kukafika kuchimbudzi, komanso ngati njirayo ili ndi magetsi. Inu monga mayi mufunse mmene atsikana amathandizidwira akakhala kumwezi, chifukwa mwana wa zaka 13 akhoza kukumana ndi zimenezi koyamba ali kutali ndi inu. Ngati mungafike nthawi ya chakudya, pemphani kuona chimene ana akudya tsiku limenelo ndiponso ngati aang'ono amalandira mokwanira akuluakulu asanamalize.

Nkhani ya mphumu ndi imene ndikukhulupirira kuti ingakugwirizanitseni ndi amuna anu, chifukwa palibe bambo amene angakane kufunsa za mpweya wa mwana wake. Fumbi, chinyontho, nkhungu za m'makoma ndi utsi zimadzutsa matendawa, ndipo nthawi zambiri amavuta usiku kapena m'bandakucha, pamene aphunzitsi ambiri ali kunyumba zawo. Funsani ngati namwino amakhalapo usiku kapena amangobwera masana, ngati mwanayo adzaloledwa kusunga yekha mankhwala ake opopera m'kamwa m'malo mowakhomera mu ofesi, kutalika kwa chipatala chapafupi, galimoto imene imanyamula wodwala pakati pa usiku, ndiponso nthawi imene makolo amauzidwa mwana akadwala. Sukulu imene ikuyankha mafunso amenewa mosazengereza ndiye kuti inakumanapo nazo ndipo inakonzekera.

Yesetsani kuonana ndi mayi amene amayang'anira atsikana kogona, chifukwa ameneyo ndi amene adzakhale m'malo mwanu. Mudziwe kuti amasamalira ana angati, wakhala pa ntchitoyo nthawi yaitali bwanji, ndipo muonetsetse mmene atsikana akumulankhulira akamadutsa. Mumufunse za ana akuluakulu amene amazunza ongofika kumene, kuwalanda zinthu kapena kuwachapitsa zovala. Akakuyankhani kuti "kuno kulibe zimenezo," mtima wanu usakhale pansi, popeza paliponse pamene pasonkhana ana ambiri zoterezi zimachitikapo. Yankho lodalirika ndi limene likufotokoza chimene anachita ulendo womaliza pamene zinachitika, ndi njira imene mwana wamantha angadandaulire popanda omuzunzawo kudziwa. Funsaninso kuti mwana amalankhula ndi makolo kangati, pa foni ya ndani, komanso ngati pamakhala munthu womvetsera.

Pemphani ndondomeko ya tsiku lonse, kuyambira belu lodzutsa mpaka nthawi yozimitsa magetsi, ndipo muwerenge maola a tulo. Bungwe la akatswiri a zaumoyo oona za tulo ku America, la American Academy of Sleep Medicine, linalangiza m'chaka cha 2016 kuti ana a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Sukulu zina zimanyadira kuti ana awo amawerenga mpaka usiku kwambiri n'kudzukanso kusanache, koma mwana wosagona mokwanira amavutika kusunga zimene waphunzira.

Za maphunziro sindinenapo zambiri, chifukwa ndi mbali imene makolo saiwala kufunsa, ndipo mungawasiyire amuna anu kuti atsogolere. Ndingowonjezera kuti akakuuzani za ana amene anakhoza mayeso omaliza, mufunse kuti gulu limenelo linayamba ndi ana angati, chifukwa zotsatira zimaoneka zokongola ngati ana ofooka anachotsedwa m'njira. Mufunsenso zolipira zonse zimene sizinalembedwe pa kalata ya fizi, ndipo muganizire moona mtima ngati mungathe kufika msanga pa sukuluyo mwana atadwala.

Pa ulendowu, mulekeni mwanayo ayende pang'ono ndi atsikana a msinkhu wake inu muli patali, chifukwa pali zimene ana amauzana zimene sangauze munthu wamkulu. Pobwerera musamufunse pamaso pa nonse awiri kuti wakonda iti. Mupatseni tsiku limodzi kapena awiri, kenaka mumufunse mafunso aang'ono, monga kuti ndi pati pamene anamva kumasuka, ndi chiyani chimene chinamuopsa, ndiponso ngati anaona munthu amene angamuuze atadwala usiku.

Musananyamuke, inu ndi amuna anu mugwirizane zinthu zochepa zimene zikasowa pa sukulu iliyonse mwa ziwirizi, mwana wanu sapitako, ndipo kwa ine zinthu zimenezo ndi njira yotulukira pa ngozi ya moto, chithandizo cha mphumu usiku, ndi munthu wamkulu wodalirika kogona. Mukagwirizana zimenezi musanaone kalikonse, palibe amene adzanene kuti muyeso wapangidwa kuti ugwetse sukulu yake. Ngati sukulu zonse ziwiri zakwaniritsa zimenezi, maganizo a mwanayo alemere kwambiri, ndipo ngati iye wakonda sukulu ya bambo ake, muvomere ndi mtima wonse ndi kuwauza amuna anu kuti anaona bwino.

Zikachitika kuti akanitsitsa kupita, pemphani munthu amene iwo amamulemekeza, kaya mkulu wawo kapena mnzawo amene anaphunzira naye pa sukulu yomweyo, kuti alankhule nawo. Zikakanikabe, auzeni poyera tsiku limene inu ndi mwanayo mukupita, muwauze kuti mukaona sukulu zonse ziwiri kuphatikizapo yawo, ndipo mukabwerako muwafotokozere zonse zimene mwaona, zabwino ndi zoipa zomwe. Masabata atatu sachedwa kutha, choncho imbani foni ku sukulu zonse ziwiri mawa lomwe kuti akupatseni masiku, ndipo musalipire ndalama yosungitsa malo kulikonse mpaka mutabwerako.

Azakhali