Loweruka limodzi ku Asakusa: muyambe kachisi, chakudya pambuyo

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akupita ku Tokyo kukachita maphunziro a kuntchito ndipo adzakhala ndi Loweruka limodzi lopuma. Akuti: "Ndikufuna kukaona kachisi wakale, koma ndine Mkhristu, kodi amalola? Nanga ndikadya chiyani, poti nsomba zosaphika ine ayi?"

Mayi, pitani ku Asakusa. Kumeneko kuli Senso-ji, kachisi wa Abuda wakale kuposa onse mu Tokyo, ndipo sitima ya pansi pa nthaka ya Ginza Line imathera pomwepo. Kulowa n'kwaulere, palibenso amene akakufunseni za mpingo wanu. Koma mulawirire. Nyumba yaikulu ya kachisi amaitsegula 6 koloko m'mawa, nyengo yozizira ya kumeneko (October mpaka March) 6:30, pomwe mashopu ambiri amatsegula cha m'ma 10. Ikakwana nthawi imeneyo pamakhala posowa poponda.

Eni dera amasimba kuti m'chaka cha 628 asodzi awiri apachibale anavuula ukonde mu mtsinje wa Sumida n'kupezamo kafano ka Kannon, amene Abuda amamulemekeza ngati mwini chifundo, ndipo kachisi anamangidwa mu 645. Kafanoko musavutike kukafunafuna, sakaonetsa kwa anthu. Nyumba zimene mukaonenso si zakale chotero. Mabomba a pa nkhondo anawotcha malowa mu March 1945, nyumba yaikulu n'kumangidwanso mu 1958. Chipata cha Kaminarimon, chomwe chili ndi nyali yofiira yolemera pafupifupi makilogalamu 700, anachimanga mu 1960 ndi ndalama za Konosuke Matsushita, amene anayambitsa kampani ya Panasonic.

Mukaona anthu akudzikupizira utsi wa lubani kumutu, akuponya makobidi m'bokosi, ena akulipira 100 yen kuti atole kapepala kolosera mwayi. Palibe chokukakamizani pa zonsezi. Imani pambali, onererani, musakweze mawu, basi.

Tsopano za m'mimba, pomwe alendo ambiri amalakwitsa. Kuchoka pa chipata kukafika pa kachisi pali msewu wa Nakamise, wotalika mamita 250, wa mashopu pafupifupi 90. Fungo lake limakopa, munthu n'kukhutira pomwepo. Musatero, apa m'polawa chabe. Gulani ningyo-yaki, timakeke totentha tomwe amaphika inu mukuona, m'kati mwake muli nyemba zofiira zosinja zothira shuga. Inde, nyemba za shuga. Ife tinazolowera kuti nyemba ndi ndiwo, choncho poyamba pakamwa pamadabwa, koma kachiwiri kamakoma kuposa koyamba. Ngati zotsekemera sizikusangalatsani, funani senbei, bisiketi ya mpunga yowotcha pa moto n'kuipaka sosi wa soya. Kudya mukuyenda kumeneko sakondwera nako. Idyerani pambali pa shopu pomwepo, pepala mubwezere wogulitsa, chifukwa mabini ngosowa. Mutengenso ndalama zapamanja, timashopu tina sitilandira khadi.

Chakudya chamasana chili m'timisewu takumbuyo. Asakusa imadziwika ndi tendon: mpunga m'mbale yozama, pamwamba nsomba ndi masamba zoviika mu ufa n'kukazinga, nthawi zambiri m'mafuta a chitowe, kenako n'kuthirapo sosi wakuda. Zonse n'zophika, ndipo ine ndikanasankha zimenezi. Kumadzulo kwa kachisi kuli Hoppy Street, komwe amawiritsa nyama ya ng'ombe kwa maola ambiri mpaka kufeweratu. Ndi yabwino ndithu, kungoti malowo ndi omwerapo mowa, ndiye mudziyese nokha.

Chijapanizi chisakudetseni nkhawa. Malesitilanti ambiri amaika pa windo mbale za chakudya chapulasitiki chofanana ndendende ndi chimene amaphika, mtengo uli pambali. Jambulani pa foni chomwe mwakonda mumuonetse woperekera zakudya. Polipira, perekani ndalama yomwe yalembedwa yokha. Mukasiya yapamwamba pa tebulo, akhoza kukuthamangirani nayo panja poganiza kuti mwaiwala.