Chithunzi cha m'thiranki ya bambo: anachijambula ndani?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti akulongosola katundu wa malemu bambo awo, apeza chithunzi chojambula pamanja ndi utoto wamadzi pansi pa thiranki, pakati pa makalata akale. Dzina palibe, koma pakona pali zilembo ziwiri za pensulo. Akufunsa kuti angamudziwe bwanji wojambulayo, komanso achipukute ndi chiyani.

Mayi, musachipukute. Utoto umenewu umasungunuka ndi madzi ngakhale utakhala zaka 100, moti kansalu konyowa kangafufute zonse. Musamatepo selotepi, musapite nacho kwa anyamata a fotokope kuti akachikute pulasitiki, ndipo musachipachike pamalo ofika dzuwa. Chofunika kuposa zonsezi, musataye makalata aja.

Chifukwa chake nachi. Ku Cape Adare, ku Antarctica, dera la madzi oundana la kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kuli kanyumba kamatabwa komwe gulu la Carsten Borchgrevink wa ku Norway linamanga mu 1899. Mu 1911 munakhalanso anthu ena a gulu la Captain Robert Scott. Bungwe la Antarctic Heritage Trust la ku New Zealand linatenga katundu wa m'menemo kupita naye ku Christchurch kukamukonza. Pa katunduyo panali mulu wa mapepala ankhungu, odzaza fumbi ndi zitosi za mbalame za penguin. Katswiri wina wokonza mapepala akale atavundukula, anapeza chithunzi cha kambalame kakufa, mitundu yake ili gwa ngati chajambulidwa dzulo. Mdima ndi kuzizira ndi zomwe zinachisunga. Panalembedwa kuti "1899 Tree Creeper", dzina la wojambula osaoneka.

Apa munthu akanafulumira kunena kuti chaka chikugwirizana ndi chomwe kanyumbako kanamangidwa, ndiye wojambula ndi mmodzi wa anyamata a Borchgrevink. Koma tree creeper ndi kambalame ka m'nkhalango za ku Ulaya, kamene kamayenda chokwawa pa makungwa a mitengo kufuna tizilombo. Ku Antarctica kulibe mtengo ngakhale umodzi.

Chinaulula mwini wake ndi kalembedwe. Katswiri uja anapita kukamvera nkhani yonena za malemu Dr Edward Wilson, mnzake wa Scott, ku yunivesite ya Canterbury, ndipo ataona zojambula zake zina anazindikira dzanja lomwelo. Mu mulu uja munalinso nyuzipepala ya 1911, chaka chomwe anthu a Scott anakhala m'kanyumbako. Bungwe lija linalengeza zonsezi mu 2017.

Wilson anabadwa mu 1872 ku Cheltenham, ku England. Anaphunzira ku Cambridge, kenako udokotala pa St George's Hospital ku London. Mu 1898 anadwala chifuwa chachikulu, napita kukapuma ku Norway ndi ku Switzerland, ndiye chaka cha pachithunzicho chikugwera nthawi imene ankachira. Anatsagana ndi Scott ku Antarctica kawiri. Pa 17 Januwale 1912 anafika ku South Pole, n'kupeza kuti Roald Amundsen wa ku Norway anawatsogolera kale mwezi wathunthu. Pobwerera, Wilson, Scott ndi Henry Bowers anafera m'tenti mu Malichi chaka chomwecho. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti Wilson sanali m'gulu lomwe linakhala m'kanyumba kaja. Chithunzi chinapezeka komwe mwini wake sankakhala.

Chanunso chikhoza kukhala chotero. Kupezeka m'thiranki ya bambo sikutanthauza kuti anajambula ndi iwo, kapena kuti chinajambulidwa ku Zomba. Yambani ndi kufananiza zilembo ziwirizo ndi kalembedwe ka m'makalata aja, imodzi ndi imodzi. Tembenuzani pepalalo muone kumbuyo, kenako muliyang'ane moloza kuwala, chifukwa mapepala ena a ojambula amakhala ndi chizindikiro cha kampani chobisika m'kati mwake. Funsani azakhali kapena amalume amene akadali moyo kuti bambo ankagwira ntchito kwa yani, anaphunzira pa mishoni iti.

Mukapeza dzina, ngakhale longoganizira, muli ndi mwayi poti National Archives of Malawi ili konko ku Zomba. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House imasunga mabuku ndi zithunzi za nthawi ya Nyasaland. Popita kumeneko chijambuleni pafoni mbali zonse ziwiri, chenichenicho chitsale kunyumba, chogoneka pakati pa mapepala oyera, m'bokosi louma lomwe chiswe ndi njenjete sizingafike.