Akajambulitse kaye, ndipo asalole kuti amubaye pa chotupacho

Achemwali, ndawerenga za mchimwene wanu wa zaka 27, kuti tchende lake limodzi lakula ndi kulimba koma silikupweteka, ndipo mukufunsa koyambira ndi ndalama zake. Kusapwetekako ndi kumene kwandilembetsa. Khansa ya machende nthawi zambiri imayamba choncho, ndipo imakonda anyamata a msinkhu umenewu, kuyambira zaka 15 mpaka cha m'ma 35. Sindikuti ndi khansa ayi, litha kukhala phudzi lamadzi chabe. Koma chosiyanitsa ndi sikani, osati maso. Inu ena amene mukuwalangiza achemwaliwa kuti mchimweneyo athire madzi otentha kapena agule mabotolo otsuka m'thupi aja, chonde, gulitsirani kwina.

Ife tinataya miyezi yambiri ndi mlamu wanga. Anapita pa kakiliniki kena kolipira, anangomuyang'ana n'kumuuza kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Jakisoni, makapisozi, mubwerenso. Kubwererako, anangomusinthira makapisozi a mtundu wina. Kunyumba nako moto buu, mkazi wake kufunsa kuti matendawo wawatenga kuti, mpaka ankhoswe anakhalira pansi mlandu woti panalibe. Pomwe timakafika ku Queens n'kuti tchendelo lili gwa ngati mwala, msana utayamba kumupweteka chifukwa matenda anali atakwera kufika m'mimba chakumsana. Ndiye wanuyo akangopatsidwa maantibayotiki popanda kumujambula, afunse yekha za sikani. Manyazi asiye pakhomo.

Chenjezo lalikulu ndi ili: wina akati tibaye ndi singano tione chili m'katimo, kapena titemepo mphini, akane. Akamaganizira khansa imeneyi, madokotala sacheka pa chikopa cha machende, chifukwa kutero n'kutsegulira matenda njira ina. Amacheka m'mphechepeche chakumtunda, n'kuchotsa tchende lonselo, kenako amalitumiza ku labu. Apa ndi pomwe amuna ambiri amathawira, ena kusowa tsiku la opaleshoni lenilenilo. Muuzeni kuti ngati linalo lili bwino, limakwana lokha, kuchipinda ngakhale pa kubereka. Mlamu wangayo ali ndi mwana wobadwa pambuyo pa zonsezi.

Asanalowe ku thiyeta amamutenga magazi oyezera zizindikiro za khansayi, zotchedwa AFP, hCG ndi LDH. Musadabwe mukaona hCG pa pepala la mwamuna, ndi yomwe ija amayezera mimba, khansa zina za machende zimaitulutsanso. Mapepala amenewo muwasunge, chifukwa akadzayezanso amafanizira ndi oyambawo.

Koyambira: chipatala cha boma cha kwanuko, akupatseni kalata yopitira ku Queens kapena ku Central ku Lilongwe, kumene kuli National Cancer Centre. Ine ndingakuuzeni Queens, ndi kumene anatithandiza, ndipo titangofika m'manja mwa madokotala a maopaleshoni zinthu zinayamba kuyenda. Lawirirani, anthu amachuluka. Ku zipatala za boma thandizo ndi laulere, ndalama zimathera pa thiransipoti ndi chakudya cha gadiyani. Sikani ife tinachititsa kolipira pofuna changu, inali cha m'ma K30,000 kapena kuposera pang'ono, koma mmene yakwerera mitengomu konzekerani zoposa pamenepo. Zokalandira thandizo ku India zomwe ena akutchula dikirani nazo, munthu sanajambulidwe n'komwe.

Khansayo ikapezeka kuti yafalikira pamabwera kemo, mankhwala a khansa a mu dilipi. Amapereka m'zigawo zitatu kapena zinayi, chigawo chilichonse masiku 21. Tsitsi limathothoka, kusanza, chakudya osachifuna. Azimwa madzi kwambiri chifukwa cisplatin, amodzi mwa mankhwalawo, amalemetsa impso. Asadumphe chigawo ati poti akupezako bwino, ndipo za kubereka afunse dokotala asanayambe. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zomwe zimachizika kwambiri. Lance Armstrong, wa mipikisano ya njinga uja, anamupeza nayo mu 1996 itafika kale m'mapapo ndi mu ubongo, koma anachira.

Poti tili pa za amuna zomwezi: munthu wamkulu akamakodza magazi, wamwa mankhwala a likodzo koma osasiya, akajambulitse impso ndi chikhodzodzo. Tisamangoti ndi likodzo chifukwa anakasamba kunyanja.