Yankho kwa amalume: za zimbalangondo ku Yellowstone

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndalimva, loti Chisomo akupita ku Yellowstone, paki ya nyama zakutchire ya ku America, ndi anzake a kusukulu, ndiye akakumana ndi chimbalangondo athawe kapena akwere mumtengo. Zonse ziwirizo ayi. Chisomo, uli pagulu pompano, tchera khutu.

Kuthawa ndiye koopsa kwenikweni. Chimbalangondo chimaoneka chonenepa, chaulesi, koma chikautsa liwiro chimapitirira makilomita 50 pa ola, ndipo chikaona chinthu chikuthawa chimachithamangitsa basi. Mumtengomo, chimbalangondo cha mtundu wakuda chimakwera msanga kuposa iwe.

Lamulo la pakiyo ndi loti utalikirane nacho mamita 91, titi bwalo la mpira lathunthu. Njati zawo zija amati bison, mamita 23. Sachita nalo masewera lamuloli. Mu 2021 mayi wina anayandikira chimbalangondo cha mtundu wa grizzly cha ana kuti achijambule, khoti linamupatsa masiku 4 m'ndende. Ukachiona uli m'galimoto m'zigwa za m'pakimo za Lamar Valley kapena Hayden Valley, jambula uli momwemo.

Zimbalangondo za kumeneko zilipo mitundu iwiri, grizzly ndi chakuda. Usadalire mtundu wa ubweya, chifukwa chakudacho nthawi zina chimakhala chofiirira. Yang'ana pamapewa. Grizzly ili ndi linunda, makutu aafupi, zikhadabo zakutsogolo zazitali. Chakuda chilibe linunda, makutu ake ndi otalikirapo.

Tsopano apa ndiye pofunika. Ukafika ugule mankhwala opopera a tsabola, amati bear spray. Ugule konko, chifukwa m'ndege salola, ngakhale m'chikwama chachikulu. Aliyense akhale ndi botolo lake, palamba kapena pachifuwa. Ambiri amalakwitsa poliika m'chikwama chakumsana, ndiye chinyama chikutulukira, iwo ali pakalikiliki kusaka zipi. Musananyamuke yesezani kulisolola ndi kuchotsa kachotsekera kake, osapopera. Chikamabwera, gwira botolo ndi manja awiri, loza chapansi pang'ono kutsogolo kwake, uyambe kupopera chili pa mamita 18 mpaka 9, kuti chilowe chokha mu utsiwo. Botolo limatha m'masekondi osakwana 10, usaliwononge chili kutali. Uonenso mphepo, ikamachokera kutsogolo tsabolayo akubwerera m'maso mwako. Ndipo si mankhwala a udzudzu amenewa, osadzipopera, osapopera tenti, fungo lotsalira limatha kuchikopa m'malo mochiingitsa.

Ngozi zambiri zimachitika munthu akachidzidzimutsa, makamaka cha ana kapena chimene chikudya nyama yakufa. Ndiye muziyenda atatu kapena kuposa, mukucheza mokweza, pokhota njira ndi pafupi ndi mtsinje muzikuwako. Zomvera nyimbo m'makutu chotsa. M'bandakucha ndi chisisira musalowe m'tchire. Mukamva fungo la nyama yowola, kapena akhwangwala aunjikana malo amodzi, bwererani.

Mwakumana nacho, imani pamodzi, musabalalike. Lankhulani motsitsa, muzibwerera chambuyo pang'onopang'ono, botolo lili m'manja. Chikaimirira ndi miyendo yakumbuyo chikungonunkhiza kuti chidziwe kuti ndinu ndani. Nthawi zambiri chimathamangira munthu mongoopseza, n'kupatuka chatsala pang'ono, n'chifukwa chake ndikuti limba mtima, ima pomwepo, popera.

Grizzly yodzidzimuka ikakukhudza, pamenepo ndiye udzigwetse chafufumimba, chikwama usavule chimateteza msana, manja ugwire kumbuyo kwa khosi, miyendo utangadze kuti isakutembenuze. Khala chete, osakuwa. Ikachoka usafulumire kudzuka, dikira mphindi zingapo, imakhala ikuyang'ana chapatali. Koma chakuda chikakugwira, kapena chilichonse chimene chakhala chikukulondola mwakachetechete, kapena chang'amba tenti usiku, usanamizire kufa ayi. Chimenecho chikufuna kukudya. Menya kumphuno ndi kumaso, mwala, ndodo, chilichonse.

Mukagona kumisasa, chakudya chonse, mapoto, sopo, mankhwala otsukira mano, mafuta odzola, zonse zonunkhira zilowe m'mabokosi achitsulo amene anaika pamsasa, kapena muzitsekere m'galimoto. Mutenti musalowe ngakhale bisiketi. Izi zimandikhudza mtima, amalume, chifukwa kale zimbalangondo za kumeneko zinazolowera kudya kudzala, mpaka cha m'ma 1970 pamene anatseka maenje a zinyalala, ndipo zambiri zinaphedwa posaka chakudya kwa anthu. Mpaka lero chikazolowera chakudya cha anthu mapeto ake amachipha.

Musade nkhawa kwambiri, anthu mamiliyoni amapitako chaka chilichonse, ovulazidwa ndi ochepa zedi. Chisomo, mukafika muyambe mwafunsa alonda a paki njira zimene atseka chifukwa cha zimbalangondo sabata imeneyo, ndipo unditumizire chithunzi cha botololo lili palamba pako.